Mwana "wosamva": ndi mwano kapena ndi makutu?

M'Chichewa mawu akuti "kumva" amasenza katundu wambiri. Timamva phokoso, timamva kuwawa, timamva njala, timamva zimene aphunzitsi afotokoza, ndipo mwana waulemu timati amamva. N'chifukwa chake tikati "mwana uyu ndi wosamva", pafupifupi aliyense amathamangira kuganiza za mwano. Ndi ochepa amene amaima kaye n'kudzifunsa ngati mawuwo akulowadi m'makutu mwa mwanayo. Ine ndimakhulupirira kuti kusokonekera kumeneku kwakwapulitsa ana ambiri osalakwa, ndipo kwachedwetsa ambiri kukafika kuchipatala.

Nthawi zambiri nkhani yake imayenda chonchi. Mwana wakwanitsa zaka ziwiri. Ndi wojintcha, amathamanga, amaseka, kusikelo sanatsikepo. Koma salankhula. Akafuna madzi amakoka chitenje cha mayi ake n'kuloza ndowa. Mukamuitana atakufulatirani, akusewera ndi chitini pamchenga, sacheuka. Mukaima patsogolo pake amakuyang'anitsitsani pakamwa. Mayi ake akayamba kudandaula, agogo amawatonthoza kuti, "Musade nkhawa, mwana wamwamuna amachedwa. Bambo akenso analankhula mochedwa." Wina amati lilime lake ndi lomangika, wina amanong'ona za ufiti. Basi banja limadikira. Chaka chachitatu chimatha, chachinayi chimatha, mpaka aphunzitsi a Sitandade 1 ndi amene amadzanena kuti mwanayu akuoneka kuti sakumva.

Agogowo sanena mwa nkhanza, ndipo nthawi zina amalondola, chifukwa alipodi ana amene amangochedwa kulankhula makutu awo ali bwinobwino. Vuto n'lakuti mwana wongochedwa ndi mwana amene makutu ake ali ndi vuto simungawasiyanitse ndi maso. Onse amasewera mofanana. Pamene wongochedwayo sataya kanthu mukadikira, winayo amataya chinthu chovuta kuchibweza. Ubongo wa mwana umaphunzira chinenero mosavuta kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo mbali ya ubongo imene imamasulira mawu imakula pokhapokha mawuwo akamafika. Ikakhala nthawi yaitali osalandira kanthu, imayamba kugwira ntchito zina, moti ngakhale mwanayo adzapatsidwe chipangizo chabwino ali ndi zaka 7, kulankhula kumadzamuvutabe. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya makutu mwambiwu ndi woona mpaka mumaselo a ubongo.

Pa chifukwa chimenechi akatswiri a ku America a Joint Committee on Infant Hearing anaika malire amene mayiko ambiri amatsata: khanda liyezedwe makutu lisanapitirire mwezi umodzi, ngati pali chokayikitsa vutolo litsimikizidwe pofika miyezi 3, ndipo thandizo liyambe pofika miyezi 6. Ku England kuyeza khanda lililonse kunafika m'dziko lonse mu 2006. Kwathu kuno sitinafike poti khanda lililonse liziyezedwa lisanatuluke m'chipatala, ndiye mlonda woyamba wa makutu a mwana amakhala mayi ake, agogo ake, ndi alangizi a zaumoyo amene amamuona kusikelo.

Si vuto la anthu ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 430 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndipo 34 miliyoni mwa iwo ndi ana. Limatinso pafupifupi 60 peresenti ya mavuto a kumva mwa ana amabwera ndi zinthu zopeweka. Mwa makanda 1,000 alionse, mmodzi mpaka atatu amabadwa ndi vuto la kumva losatha. Ndipo ana opitirira 90 mwa 100 alionse obadwa osamva amabadwa kwa makolo akumva bwinobwino. Choncho mawu akuti "kumtundu kwathu kulibe zimenezi" si umboni woti mwana ali bwino.

Kuti timvetse zimene amayeza kuchipatala, tiyenera kudziwa njira imene mawu amadutsa. Amalowa pabowo la khutu n'kukagunda kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma. Kuseri kwa kachikopako kuli kachipinda kodzaza mpweya, momwe muli timafupa titatu tating'ono kwambiri, timene timapatsirana kunjenjemerako mpaka kukafika m'kati mwenimweni. M'katimo muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kotchedwa cochlea, kodzaza madzi ndi timaselo tokhala ndi timaubweya. Timaseloti ndi timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga, ndipo mtsempha umanyamula uthengawo kupita nawo ku ubongo.

Njira imeneyi ingatsekeke kunja kapena kuwonongeka m'kati, ndipo kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu. Kukakhala kutsekeka, monga phula louma, kanthu kamene mwana wadzilowetsa, madzi odzaza kuseri kwa kachikopa kaja pambuyo pa chimfine, kapena kachikopako kubooka n'kumatuluka mafinya, mawu amafika mofooka ngati mwatseka makutu ndi zala. Mavuto amenewa nthawi zambiri amachizika. Koma timaselo ta m'chigoba cha nkhono tija tikafa sitimeranso. Palibe mankhwala odontheza, jakisoni kapena zitsamba zimene zingadzutse timaselo timeneti. Ntchito yaikulu ya woyeza ndi kupeza kuti vuto lili pati pa njirayi, ndi lalikulu bwanji, ndipo lili khutu limodzi kapena onse awiri.

Mwina mungafunse kuti mayi amene amakhala ndi mwana usana ndi usiku angalephere bwanji kuzindikira. Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa amayi ambiri amadziimba mlandu pachabe. Khanda losamva limalira ngati lina lililonse, limamwetulira, limaseka, ndipo m'miyezi yoyambirira limatulutsa timawu ta "aaa" ndi "uuu". Kusiyana kumayamba kuoneka cha pa miyezi 6 mpaka 10, pamene khanda lakumva limayamba kubwereza "ba-ba-ba", "ma-ma-ma", "da-da-da" chifukwa likudzimva ndipo likusangalala nazo. Losamva limachedwa kufika pamenepa, kapena limayamba kukhala chete. Anthu amangoti ndi mwana wofatsa.

Ndiye pali kubereka kumbuyo. Mwana amene wakanikiza chifuwa ndi tsaya pamsana pa mayi ake amamva kunjenjemera kwa thupi mayiyo akamalankhula kapena kuimba. Amatonthola, mayi n'kukhulupirira kuti wamva nyimbo. Wamvadi, koma wamva ndi thupi. Mayeso athu apakhomo nawonso amatipusitsa chimodzimodzi. Mukawomba m'manja pafupi ndi khutu, kamphepo kamamukhudza. Mukamenyetsa chitseko kapena kugwetsa poto, pansi pamanjenjemera. Mukamuzembera kumbuyo dzuwa lili kumsana kwanu, waona kale chithunzithunzi chanu. Mwana wosamva amakhala tcheru ndi maso kuposa mmene timaganizira, ndipo amawerenga nkhope mwaluso.

Chimene chimabisala kwambiri ndi kusamva pang'ono. Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Kunong'ona kumakhala cha m'ma 30, kucheza wamba cha m'ma 60, pamene njinga yamoto ikadutsa pafupi imafika cha m'ma 90. Mwana amene amayamba kumva phokoso likafika pa 50 adzadzidzimuka ndi bingu, adzathamangira kumsewu akamva njinga yamoto, adzavina ng'oma ikalira, koma zokamba za anthu zimamufika ngati manong'onong'o akutali. Bambo ake adzati, "Uyu amamva, dzulo anathawa galu atauwa," ndipo sakunama. WHO imati munthu amene khutu lake labwinopo lataya madesibelo opitirira 35 ali kale ndi vuto lomulepheretsa zinthu pamoyo. Palinso ana amene amamva mawu a besi koma osamva mawu opyapyala monga "s" ndi "f". Mukati "fisi", iye amamva "i-i". Amamva kuti mukulankhula, koma mawuwo amafika oduka mitu ndi michira, ndipo iyenso amawalankhula oduka choncho. Mwana wa madzi kuseri kwa kachikopa kaja ndiye amasokoneza zedi, chifukwa sabata ino akumva, sabata yamawa chimfine chikamugwira sakumva. Ameneyu ndi amene amatchedwa wamwano kawirikawiri, poti "amamva akafuna".

Zizindikiro zoyenera kuziyang'anira si zovuta. Khanda la miyezi itatu yoyambirira limadzidzimuka kapena kuphethira pakachitika phokoso ladzidzidzi. Pofika miyezi 6 limatembenuza maso kapena mutu kufunafuna kumene mawu achokera. Likamakwanitsa chaka limacheuka mukaitana dzina lake, ndipo ambiri amakhala atayamba liwu limodzi kapena awiri. Pa chaka ndi theka mwana amatha kuchita kanthu kophweka mwangomuuza ndi pakamwa, monga "kapatse agogo", popanda inu kuloza ndi chala. Mawu akuti "popanda kuloza" ndi ofunika, chifukwa ife timalankhula ndi manja osadziwa, ndipo mwana amatsata dzanja. Pa zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Mwana akaphonya zimenezi, kapena akasiya mawu amene ankawanena kale, akayezedwe makutu, kaya chifukwa chake chidzapezeka kuti ndi china.

Mukafika kuchipatala, kuyeza kumayamba ndi mafunso, ndipo buku la kuchipatala la mwana ndi la mayi musalisiye kunyumba. Adzafuna kudziwa za pakati: kodi mayi anadwalapo matenda otuluka tizilonda pakhungu monga rubella, kapena anapezeka ndi chindoko? Palinso kachilombo kotchedwa CMV, kamene mayi angakhale nako osadziwa, koma kamatha kuwononga makutu a mwana, nthawi zina patapita miyezi kapena zaka atabadwa. Adzafunsa za kubadwa: kodi anabadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo, anabanika, anachedwa kulira, anagonekedwa ku nazale, anachita chikasu chachikulu? Kenako matenda amene anadwala: oumitsa khosi, malungo aakulu okomoka nawo, chikuku, matsagwidi, kutuluka mafinya m'khutu. Adzafunsanso za mankhwala, chifukwa ena amphamvu monga gentamicin amatha kukhudza makutu. Apa ndinene momveka kuti mankhwala amenewa amapulumutsa miyoyo ya makanda ambiri, ndipo si oti kholo liwakane. Chofunika n'chakuti mwana amene anawalandira kwa masiku angapo ali wodwalika adzayezedwe makutu akachira.

Pa matenda onsewa, oumitsa khosi ndi amene safuna kuzengereza ngakhale pang'ono. Amatha kugonthetsa mwana m'masiku ochepa, ndipo pambuyo pake m'chigoba cha nkhono muja mumatha kuyamba kumera fupa, zimene zimavutitsa opaleshoni yothandiza kumva. Mwana aliyense amene wachira matendawa ayenera kuyezedwa makutu m'masabata oyambirira, ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Katemera wachepetsa ngozi zimenezi: wa PCV, woteteza ku chibayo ndi mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, ndipo wa chikuku wophatikiza ndi rubella anabwera mu 2017.

Mafunso akatha, amaunika m'khutu ndi katochi kotchedwa otoscope. Phula, njere ya chimanga, mkanda, mafinya, kachikopa kobooka, zonse zimaonekera pamenepa. Kenako pali tympanometry: amaika kampira kofewa pakhomo pa khutu, makina n'kusintha mpweya pang'ono kuti aone ngati kachikopa kaja kakugwedezeka. Kakakhala kouma gwa, nthawi zambiri ndiye kuti kuseri kuli madzi. Madzi oterewa mwa ana ambiri amauma okha m'miyezi itatu, choncho adokotala akati "mubwerenso tidzaonenso", sikuti akukuthamangitsani. Koma mubwererenidi.

Anthu ambiri sakhulupirira kuti khanda la masiku awiri lingayezedwe makutu, poti silingayankhe. Chodabwitsa n'chakuti khutu limayankha lokha. Mu 1978 wasayansi wa ku London, David Kemp, anaonetsa kuti cochlea yathanzi ikalandira phokoso imabweza kamawu kakang'ono kwambiri, ngati mmene phiri limabwezera mawu mukafuula. Mayeso otchedwa OAE amagwira ntchito pa mfundo imeneyi. Kachipangizo kofewa kamalowetsa timaphokoso m'khutu n'kumvetsera ngati kamawu kaja kabwerera. Sizipweteka, zimatha m'mphindi zochepa, ndipo zimayenda bwino mwana akagona kapena akakhala phee pachifuwa cha mayi ake. Makina akapanda kumva kanthu sindiye kuti mwana ndi wosamva, chifukwa m'masiku oyambirira m'khutu mumatsalira madzi ndi zoterera za m'mimba. Zimangotanthauza kuti abwereze kapena apite ku mayeso ozama.

Mayeso ozamawo ndi ABR. Amamata timawaya pachipumi ndi kuseri kwa makutu, n'kulowetsa timaphokoso, ndipo kompyuta imajambula mmene mtsempha wa kumva ukunyamulira uthenga kupita ku ubongo. Amachepetsa phokosolo pang'onopang'ono mpaka apeze pamene mtsemphawo wasiya kuyankha, khutu lililonse palokha. Mwana ayenera kukhala m'tulo, ndiye mayi amauzidwa kuti asamugoneke panjira, afike naye ali ndi tulo ndi kanjala, amuyamwitse pompo kuti agone. Ana okulirapo nthawi zina amapatsidwa mankhwala ogonetsa. ABR ndi yofunika makamaka kwa makanda amene anachita chikasu chachikulu kapena anakhalitsa ku nazale, chifukwa ena mwa iwo cochlea imabweza kamawu kaja bwinobwino koma mtsempha sukutumiza uthenga molongosoka. OAE yokha ikhoza kunena kuti mwana wotere ali bwino.

Kuyambira cha pa miyezi 6 mwana amatha kuyezedwa ali maso. Amakhala pamiyendo pa mayi ake m'chipinda chosalowa phokoso. Phokoso likamveka kumbali iye n'kucheuka, kachidole kamayaka kapena kuvina, ndipo amaphunzira msanga kuti kucheuka kuli ndi mphotho. Apa mayi amapemphedwa kukhala ngati mtengo: osagwedeza mwendo, osayang'ana kumene phokoso lachokera, chifukwa mwana amatsata thupi la mayi ake. Akafika zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, mayeso amasanduka masewera. Amamuveka zomvetsera kumakutu, amamupatsa kathabwa, n'kumuonetsa kuti akamva "piii" aponye m'kabeseni. Zotsatira zake amazilemba pa tchati chotchedwa audiogram, chosonyeza phokoso lochepetsetsa limene khutu lililonse likumva, kuyambira mawu a besi mpaka opyapyala. Woyeza wabwino sadalira mayeso amodzi. Amaphatikiza zonse, ndipo mwana akatopa kapena kulira amakuuzani kuti mubwerenso tsiku lina.

Makutu akapezeka kuti ali bwino, ulendo sunapite pachabe. Ndiye kuti mwatseka khomo limodzi, ndipo madokotala angayang'ane zifukwa zina zochedwetsa kulankhula, monga autism, vuto lokhudza mmene mwana amachezera ndi kulumikizana ndi anthu, kapena kuchedwa kukula kwa ubongo.

Thandizo lotere m'Malawi lilipo, ngakhale lili m'malo ochepa. Ku Blantyre, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chili ndi gawo la makutu, mphuno ndi kukhosi komanso kiliniki yoyeza kumva, ndipo dokotala wa opaleshoni Wakisa Mulwafu wagwira ntchito yaikulu pokhazikitsa chisamaliro cha makutu kumeneko. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic pa African Bible College, kumene amaphunzitsanso akatswiri oyeza kumva. Poyambira ndi pachipatala chapafupi kapena cha boma lanu, kumene angachotse phula, kuchiza mafinya ndi kulemba kalata yokutumizani. Mukafika nenani mosazungulira kuti, "Adokotala, ndikukayikira kuti mwanayu sakumva bwino, ndikupempha ayezedwe makutu." Mukangoti "salankhula", n'zosavuta kuti akuuzeni kuti dikirani.

Kalatayo payokha siyenda. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2017 anapeza kuti mwa ana 150 a m'boma la Thyolo amene anatumizidwa ku Queen Elizabeth chifukwa cha mavuto a makutu, 5 okha ndi amene anakafika. Makolo anatchula ndalama yoyendera, kutalika kwa ulendo, mantha ndi chipatala chachikulu, komanso kusamvetsa bwino chimene anawatumira. Chiwerengero chimenechi chimandipweteka mtima, chifukwa Thyolo ndi boma loyandikana ndi Blantyre. Nanga wa ku Chitipa kapena ku Nsanje? Si kuti makolowa sakonda ana awo. Khutu silitupa, silitentha thupi, mwana akudya ndipo akusewera, ndiye ndalama yochepa imene ilipo imapita ku chimanga. Apa m'pamene achibale, mpingo ndi mabanki a m'mudzi angagwirepo ntchito, monga mmene timasonkherana pakagwa matenda ooneka ndi maso.

Za mafinya ndinenepo pang'ono, poti ambiri timawaona ngati chinthu chimene mwana aliyense amadutsamo. Khutu lotuluka mafinya kwa masabata opitirira awiri ndi matenda, limachepetsa kumva, ndipo likalekereredwa matendawo amatha kulowerera mpaka ku fupa la kuseri kwa khutu kapena ku ubongo. Musathiremo mafuta ophikira, madzi a masamba kapena china chilichonse, ndipo musatokose ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi. Pukutani ndi kansalu koyera kopota ngati chingwe cha nyale, musalole madzi kulowa posamba, ndipo kalandireni mankhwala odontheza kuchipatala.

Tsiku limene kholo limauzidwa kuti vuto la mwana ndi losatha limakhala lolemera, ndipo kulira n'kwachibadwa. Koma nzeru za mwanayo zili zonse. Chimene akusowa ndi njira yoti chinenero chimufikire. Ambiri amathandizidwa ndi zipangizo zovala kukhutu zokweza mawu, zimene ngakhale khanda la miyezi yochepa lingavale. Zimafuna mabatire, ndipo kachikombole kolowa m'khutu kamafunika kusinthidwa pafupipafupi chifukwa khutu likukula. Kwa amene vuto lawo ndi lalikulu kwambiri kuli cochlear implant, chipangizo choikidwa ndi opaleshoni. Ana ena alandirapo ku Queen Elizabeth mothandizidwa ndi madokotala ochokera kunja, koma n'chodula ndipo chimafuna maphunziro a kulankhula kwa nthawi yaitali.

Ndiye pali chinenero chamanja cha ku Malawi, chimene ndi chinenero chokwanira, chokhala ndi malamulo ake, nthabwala zake ndi anthu ake. Makolo ena amachiopa poganiza kuti mwana akazolowera manja sadzalankhula. Choopsa chenicheni ndi mwana kukula wopanda chinenero chilichonse, osatha kufunsa, kudandaula kapena kufotokoza amene wamulakwira. Bungwe la anthu osamva la MANAD, ndi sukulu monga Mary View ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, ndi malo amene kholo lingakumane ndi akuluakulu osamva amene anaphunzira, ali pa ntchito ndipo ali ndi mabanja. Koma sukulu zimalandira mwana atakula kale, ndiye zaka zoyambirira zija zimakhalabe m'manja mwa banja. Manjawo aphunzire onse apakhomo, kuphatikizapo bambo ndi abale ake, osati mayi okha.

Pamene mukudikira tsiku la mayeso kapena mukusonkhanitsa ya thiransipoti, pali zimene mungayambe lero. Lekani kumukalipira kuchokera kuseri kwa nyumba. Muyandikireni, mumugwire paphewa, mugwade kuti nkhope zanu zilingane, kenako mulankhule bwinobwino osakuwa, chifukwa kukuwa kumapotoza milomo. Zimitsani wailesi mukamacheza naye. Tchulani dzina la chinthu chili m'manja mwanu, kapu, nsima, nsapato, iye akuona chinthucho ndi pakamwa panu. Auzeni ana anzake ndi aphunzitsi a kumkombaphala kuti azichita chimodzimodzi. Ndipo madzulo pokamba nthano, kumbukirani kuti kwa mwana amene amadalira maso, mdima ukagwa macheza onse amathera pomwepo ngakhale ena akupitiriza kuseka. Mukhazikeni moyang'anizana nanu, nyale kapena tochi muiike poti iziwalitsa nkhope yanu ndi manja anu.